Amalume Anu Sakudzikanda Mwadala

Ana anga, mawu aja oti "Amalume, siyani kudzikanda" ndikufuna athe pakhomo pano. Ndikudziwa kuti mumanena chifukwa cha chisoni, mukaona timadontho ta magazi pa malaya awo ndi mizere ya zikhadabo kumsana. Koma munthu mukumuuzayo amayesa kusiya usiku uliwonse, ndipo usiku uliwonse amalephera. Mukamawadzudzula mumangowasenzetsa manyazi pamwamba pa ululu, ndiye amayamba kukandira kuseri, kubafa kapena m'kati mwa bulangete, kumene palibe amene angaone kuti chilonda chafika pati.

Nonsenu chitedze mumachidziwa. Munakumana nacho muli ana kokatola nkhuni, ndipo mukukumbukira kulumpha kuja ndi kudzigudubuza pamchenga. Koma chija chinali pamwamba pa khungu, pofika madzulo munali mutaiwala. Mlongo wangayu akamalongosola amati chake chili pansi pa khungu, kumene chikhadabo sichifika, ndipo madzulo ndi pamene chimadzuka. Kuyabwako kumagwira msana, mikono, pamimba, nthawi zina kumaso ndi m'mutu, mbali zonse ziwiri za thupi mofanana. Kukatentha kumakula, akakhala ndi nkhawa kumakulanso. Poyambirira penipeni khungu lawo linalibe nsungu kapena zidzolo ayi. Zimene mukuziona panopa, mabala, nkhanambo ndi tizotupa tolimba takuda tija, zabwera pambuyo chifukwa cha kukandako.

Ndipo si iwo okha. Kafukufuku wamkulu wotchedwa DOPPS, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2006, anafunsa odwala oposa 18,000 a pa dayalisisi m'mayiko 12, ndipo 42 mwa anthu 100 alionse anati kuyabwa kumawavutitsa ndithu, ena mpaka koopsa. Anthu omwewo ndiwo ankasowa tulo kwambiri ndi kukhala okhumudwa. Amenewo anali mayiko olemera, kumene makina ndi mankhwala sizisowa. Choncho mukamaona amalume anu akutsamira khoma n'kumakhuza msana pakona ya chitseko, musaganize kuti ndi uve kapena kusapirira. Ndi mbali ya matenda awo a impso, monga kutupa miyendo ndi kuchepa kwa magazi.

Pa zaka zimene ndinali namwino ndinaona kuti munthu amasamala bwino wodwala akamvetsa chimene chikuchitika m'thupi mwake, ndiye tcherani khutu. Impso zabwinobwino zimasefa magazi usana ndi usiku, maola 168 pa sabata, osapuma. Makina a dayalisisi amagwira ntchito imeneyo maola 4 pa ulendo umodzi. Kumene zinthu zili bwino munthu amapita katatu pa sabata, kutanthauza maola 12. Kuno kwathu makina oyamba anafika ku Kamuzu Central ku Lilongwe mu 1998, ku Queen Elizabeth ku Blantyre anayamba mu 2011, ndipo poti odwala ndi ochuluka kuposa makina, ambiri amapita kawiri kokha, maola 8 basi. Makinawo amasunga moyo, tiziyamika, koma sangachotse zonse zimene impso zikanachotsa. Zotsalirazo zimangozungulira m'magazi. Zimautsa chitetezo cha m'thupi kuti chizikhala chili chiimire nthawi zonse, zimasokonezanso timitsempha ta m'khungu timene timatumiza uthenga ku ubongo, mwakuti timanena kuti pakuyabwa pamene palibe chimene chaluma. Ndiye chikhadabo chikabwera chimang'amba khungu, khungu long'ambika limayabwa koposa, munthu n'kukandanso.

Chotsatira chake n'chakuti tsiku la makina lisamadumphidwe. Ndalama ya minibasi ya masiku amenewo muziipatula mwezi ukangoyamba, isanagule china chilichonse. Chinkhoswe, msonkhano wa mbumba, ngakhale maliro a kutali, zonsezo amalume anu aziimiriridwa ndi wina. Akatopa pampando paja n'kuyamba kupempha anamwino kuti awachotse nthawi isanakwane, amene mwawaperekezanu muwalimbitse mtima kuti atsirize, chifukwa theka la ola limene asiya lero lidzawapeza usiku.

Tsopano za khungu lenilenilo, pamene manja anu angathandize kwambiri. M'khungu mwa munthu muli tiziwalo totulutsa thukuta ndi tina totulutsa mafuta. Impso zikafooka kwa nthawi yaitali tiziwalo timeneti timafota, khungu n'kusiya kudzinyowetsa lokha. Taonani miyendo yawo kuyambira m'mawondo kutsika mmunsi: yatuwa kuti mbuu, yang'aluka timizere ting'onoting'ono, ndipo akavula sokosi mumatsala tizidutswa toyera ta khungu. Mu June ndi July, mphepo ya mwera ikamaomba, zimanyanya. Mu October kutentha kumabwera ndi vuto lakelake. Khungu louma silo gwero lokhalo la kuyabwaku, koma limakulitsa, ndipo ndi gawo limene tingalichepetse pakhomo pompano popanda kudikira aliyense.

Apa pali msampha umene alendo obwera kudzazonda amatchera mosadziwa. Akaona khungu lotuwa amati, "Muziwapatsa madzi ambiri, thupi lawauma." Kwa inu ndi ine malangizo amenewo alibe vuto. Kwa amalume anu ndi oopsa. Mkodzo wawo ndi wochepa, ndiye madzi alionse amene amwa amakhala m'thupi mpaka tsiku la makina. Sapita kukafewetsa khungu ayi, amapita kumiyendo, kumaso, kenako m'mapapo, ndipo munthu amayamba kubanika akagona chagada. Achipatala anawapatsa muyezo, umene nthawi zambiri umakhala pafupifupi theka la lita kuphatikiza kuchuluka kwa mkodzo umene ataya pa tsiku. Tiyi, phala lamadzimadzi, thobwa ndi msuzi zonse zimawerengedwa momwemo. Mlendo muzimuthokoza mwaulemu, koma kapuyo muichotse. Ludzu likawavuta achukuche mkamwa n'kulavula, ndipo mchere m'ndiwo uchepe, pakuti mchere ndiwo umaitana ludzu.

Kasambidwe kasinthe. Ife tinakula tikudziwa kuti kusamba ndi madzi otentha, sopo wambiri, chinkhupule, ndi mwala wokwechera mapazi. Amalume anu amakonda madzi otentha kwambiri chifukwa akathira pamsana kuyabwa kumaleka kwa kanthawi, koma madzi otentha ndi sopo zimatsuka timafuta tochepa timene tatsala pakhungu, ndipo ola lisanathe kuyabwa kumabwerera kutakula. Madzi awo azikhala ofunda pang'ono chabe, oti mukaviika chigongono simukumva kutentha. Asambe kamodzi pa tsiku, mwachidule. Sopo wochapira zovala asayandikire thupi lawo. Agwiritse sopo wofewa wopanda fungo lamphamvu, ndipo ngakhale ameneyo apake m'khwapa, m'mphechepeche ndi kumapazi, kwinako madzi okha akwanira. Chinkhupule mukachibise. M'madzimo musathiremo mankhwala ophera tizilombo, mchere kapena masamba alionse. Potuluka asadzikhule ndi thaulo, angoligunditsa pathupi pang'onopang'ono, khungu litsale lonyowerako.

Pomwepo, khungu lisanaume, mafuta apakidwe. Mukachedwa mpaka avale, adye, apume, mwataya phindu lalikulu, chifukwa ntchito ya mafutawo ndi kutsekera chinyezi chimene chalowa posamba. Sikuti pakufunika mafuta odula. Vaseline wamba wopanda fungo amagwira ntchito, gilisalini wosakaniza ndi madzi pang'ono amathandizanso, ndipo kuchipatala kapena ku famase mungapeze mafuta oyera opanda fungo opangidwira khungu louma. Amene amanunkhira kwambiri, ndi aja oyeretsa khungu ogulitsidwa pamsika, ayi. Sipiliti nayenso ayi, amaziziritsa kamphindi koma amaumitsa khungu. Tapani mafuta okwanira ndithu, muwasungunule pakati pa zikhato zanu, kenako muyambe pamapewa kutsika, motsata kumene ubweya wagonera, mosakhula. Muchite m'mawa, muchitenso asanagone, ndipo nthawi yachisanu muwonjezere masana. Pakati pa zala za kumapazi musapakepo, poti amalume anu ali ndi shuga ndipo pamenepo pakanyowa pamachita zilonda. Musayembekezere kusintha m'masiku awiri. Pamatenga masabata, ndipo mukasiya zimabwerera.

Msana munthu sadzipaka yekha, ndipo msana ndi umene umawavutitsa koposa. Inu anyamata, ntchito imeneyi ndi yanu. Alongo anu sangavule amalume awo malaya, mwambo wathu mukuudziwa, ndipo azakhali anu atopa, nawonso sagona. Musachite nazo manyazi. Munthu ameneyu ndiye mwinimbumba wanu, ndiye anakhala kutsogolo pa nkhani zanu zonse kuyambira muli aang'ono. Gawanani masiku. Pamene mukupakapo muziyang'ana khungulo bwinobwino, chifukwa ndinu amene mudzayambe kuona bala limene lafiira, latupa kapena layamba mafinya. Inu atsikana, zikhadabo zawo muziwenga sabata iliyonse n'kuzisalaza, zovala zawo zikhale za thonje zosathina, ndipo pochapa muzitsukuluza mpaka thovu litheretu. Pakati pa thupi lawo ndi bulangete pazikhala nsalu yofewa. M'nyengo yozizira asamakhale moyandikira kwambiri mbaula, moto umaumitsa miyendo, komanso mapazi a munthu wa shuga amatha kupsa mwini wake osamva.

Za chakudya ndilankhule mosamala, chifukwa ndaona mabanja akumana wodwala chilichonse mpaka kumuwondetsa. M'zakudya zambiri muli mchere wina wotchedwa fosifeti. Impso zabwino zimataya wotsala, koma makina amauchotsa movutikira. Ukachuluka m'magazi umautsa tiziwalo tinayi tating'ono ta m'khosi totchedwa parathyroid, timene timayamba kukoka kashiamu m'mafupa, mafupa n'kufooka, mitsempha ya magazi n'kuuma. Odwala ambiri amene fosifeti wawo wakwera amadandaulanso kuyabwa. Si onse, ndipo alipo ena amene amayabwa magazi awo ali bwino, koma kumusamala fosifetiyo n'kofunika ndithu chifukwa cha mtima ndi mafupa. Amapezeka wambiri mu nsomba zing'onozing'ono zimene timadya ndi minga yomwe, usipa, matemba, kapenta, komanso mu mkaka, chiwindi, soseji, nyama za m'zitini ndi zakumwa zakuda zija za kola. Nyemba ndi mtedza zilinso naye, ngakhale kuti wa m'zomera thupi silimutenga wonse. Ndikudziwa kuti usipa ndiyo ndiwo imene thumba lathu limakwanitsa, ndipo munthu wa pa makina amafunika zakudya zomanga thupi kuposa ife. Ndiye musangowaletsa. Pitani mukakhale pansi ndi wa zakudya kuchipatala, mumuuze zimene timadya pakhomo pano ndi ndalama imene tili nayo, akuuzeni muyezo. Choyera cha dzira, nkhuku, ndi nsomba yaikulu yochotsa minga nthawi zambiri zimaloledwa. Zakumwa za kola zokha zichoke lero lomwe. Ndikumbutsenso inu ophika kuti chidulo chisalowe mu thelere lawo. Chimenechi si cha kuyabwa, koma phulusa lili ndi potaziyamu wambiri, amene akachuluka amaimitsa mtima.

Mapiritsi aja a kashiamu amene anapatsidwa kuti azimwa ndi chakudya, ntchito yake ndi kugwira fosifeti m'mimba asanalowe m'magazi. Akamwa m'mawa m'mimba mulibe kanthu, kapena patapita maola atadya, sagwira chilichonse. Muziwaika pambali pa mbale, amwe pa mbamu yoyamba ya nsima.

Mankhwala a kuyabwa alipo, koma si aja timathamangira kugolosale. Piriton amathandiza munthu amene walumidwa ndi tizilombo kapena wawengedwa ndi chakudya. Kuyabwa kwa impso kumayenda njira ina, ndiye nthawi zambiri Piriton amangomugoneka munthu, m'mawa n'kudzuka ali wofooka, msana uli chiyabwire. Amene madokotala amagwiritsa ntchito kwambiri ndi gabapentin kapena pregabalin, amene amatontholetsa timitsempha tija. Koma mverani bwino: mankhwala amenewa amatuluka m'thupi kudzera mu impso. Muyezo umene mnansi wanu wa impso zabwino amamwa chifukwa cha kupweteka kwa miyendo ungawagwetse amalume anu, kuwasokoneza mutu, ngakhale kuwakomola. Dokotala amayamba ndi wochepa kwambiri, kawirikawiri 100 mg ya gabapentin akangochoka pa makina, n'kumaona mmene thupi likuulandirira. Choncho osabwereka kwa munthu, osagula mwa inu nokha, osawonjezera chifukwa choti usiku wavuta. Akayamba kumwa n'kumaodzera masana, kudzandira kapena kulankhula zosamveka, kanenedwe msanga. Kunja kuli njira zinanso. Ku Japan akhala akugwiritsa ntchito nalfurafine kuyambira 2009, ku America mu 2021 anavomereza difelikefalin, amene amabayidwa mu paipi ya makina pomaliza dayalisisi, ndipo zipatala zina zimawalitsa khungu ndi nyali zapadera za UVB. Ndakuuzani zimenezi kuti mudziwe kuti akatswiri anakhala pansi zaka zambiri kufunafuna mankhwala a vuto limeneli, ndiye inu musalione ngati nkhani yaing'ono yosayenera kutayitsa dokotala nthawi.

Kudzabwera anthu ndi mabotolo a zitsamba, ena akumudzi, ena ogula mumzinda olembedwa kuti amatsuka magazi. Adzabwera ndi mtima wabwino. Koma chilichonse cholowa m'kamwa mwa amalume anu chilibe potulukira mpaka tsiku la makina, ndipo palibe amene anayeza zimene zili m'botolomo. Chimodzimodzinso Brufen, diclofenac ndi Indocid, amene amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba zotaya magazi ndi kupha kamphamvu kochepa kamene impso zawo zatsala nako. Safunsa anadya phula. Chilichonse chatsopano chiyambe chaonedwa ndi a ku dayalisisi.

Vuto lina ndi amalume anu eni ake. Dokotala akafunsa kuti "Muli bwanji, bambo?" iwo amayankha kuti "Ndili bwino, kaya inu," chonsecho usiku wonse anali chikhalire pamphepete pa bedi. Ndi ulemu umene tinaleredwa nawo, komanso amaona ngati pamene anthu akulimbana ndi moyo wawo, kudandaula za kuyabwa n'kusayamika. Achipatala nawo maso awo amakhala pa sikelo, pa BP ndi pa zotsatira za magazi, ndipo chimene sichinanenedwe sachidziwa. Woperekeza ndiye alankhule, atapempha kaye chilolezo kwa eni ake. Musangoti "akumayabwa." Nenani kuti kumayabwa pati, kumayamba nthawi yanji, agona maola angati sabata imeneyo, ndipo pa muyezo wa 0 mpaka 10 iwo akuti kwafika pati. Muwaonetse mabala. Mufunse ngati fosifeti, kashiamu ndi parathyroid zayezedwa posachedwa, ndiponso ngati magazi akusefeka mokwanira. Dokotala adzafunanso kuona ngati palibe chifukwa china, monga matenda a chiwindi, mankhwala amene sakuwayanja, kapena mphere. Mphere mungaikayikire nokha: imakonda pakati pa zala ndi m'mikono mopindikira, imatulutsa tinsungu, ndipo ena m'nyumba amayambanso kukanda. Imeneyo ili ndi mankhwala ake, ndipo amalandira nyumba yonse. Kuyabwa kukawayamba mwadzidzidzi ali pa makina pomwepo, pamodzi ndi zidzolo kapena kubanika, itanani namwino nthawi yomweyo.

Kuyabwa kwa impso sikupatsirana. Ndanena izi chifukwa ndinaona mbale ndi kapu yawo zitaikidwa pazokha, ndipo ndinaona ana akuletsedwa kukhala pamiyendo pawo. Zimenezo zithe. Kunja akukumana nazo kale, mu minibasi anthu amasendera kumbali, kutchalitchi ena amazengereza kupereka mkono, ndipo pali ena amene ayamba kunong'ona za matenda ena, enanso za kulodzedwa. Munthu akamva zotere amasiya kutuluka m'nyumba. Inu muzidya nawo mbale imodzi anthu akuona, ndipo wofunsa muzimuyankha mosabisa kuti ndi impso.

Pali malo awiri pathupi lawo pamene chikhadabo sichiyenera kufika ngakhale pang'ono. Oyamba ndi pamkono pamene madokotala analumikiza mitsempha, pobayira singano za makina. Mukaikapo zala mumamva kunjenjemera, ndipo kunjenjemerako muzikumva tsiku lililonse. Kukasiya, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Magazi a pamenepo amathamanga mwamphamvu, komanso pa makina amapatsidwa heparin woletsa magazi kuundana, ndiye nkhanambo ya pamenepo ikatupulidwa magazi amatha kutuluka oopsa. Zikachitika, dinikizani pabalapo mwamphamvu ndi nsalu yoyera, osasiya kuti muone ngati aleka, wina athamangire galimoto. Pa tsiku la makina pamenepo pasapakidwe mafuta, pangotsukidwa ndi sopo ndi madzi. Malo achiwiri ndi pa paipi ya pakhosi kapena pachifuwa, ngati adzawaikenso. Paipi imeneyo imafika pafupi ndi mtima. Bandeji yake isanyowe, isamatulidwe pakhomo, ndipo pakayabwa akauze namwino. Tizilombo ta pakhungu tikalowera pabala kapena pa paipi timafika m'magazi msanga. Thupi likatentha, kapena akayamba kunjenjemera ndi kuzizidwa, musanene kuti ndi malungo n'kuwapatsa Panado kuti tione mawa. Ameneyo ndi wa kuchipatala usiku womwewo.

Usiku ukavuta, amene ali pafupi adzuke. Viikani kansalu m'madzi ozizira, mufinye, muike pamene pakuyabwapo, kenako mupakenso mafuta. Dinikizani ndi chikhato kapena kusisita pang'onopang'ono pamwamba pa malaya m'malo mwa zikhadabo. Tsegulani zenera ngati m'chipinda mwatentha. Yatsani wailesi motsitsa, kapena muwafunse nkhani za kale, chifukwa maganizo akapita kwina kuyabwa kumachepako. M'mawa akakhala aukali, akakukalipirani pa kanthu kachabechabe, kumbukirani kuti munthuyo sanagone, musabweze.

Ndipo muzimvetsera zimene akunena. Kusowa tulo kwa miyezi kumafooketsa mtima wa munthu aliyense, ngakhale wolimba ngati iwo. Mukadzamva akuti "ndatopa nazo," kapena "kumakina sindipitanso," kapena akasiya kudya ndi kulankhula, musawatsutse ndipo musazisunge mumtima poganiza kuti zidutsa. Khalani nawo pansi, muwalole anene zonse mpaka atsirize, kenako mundiimbire foni nthawi iliyonse, usiku kapena usana. Tsiku lotsatira la makina ndidzapita nawo ineyo, tikauze dokotala za tulo ndi za maganizo awo pamodzi ndi za khungu, ndipo mmodzi wa inu anyamata adzatiperekeze kuti akamve yekha zimene akatiuze.